Chipala Kuseri kwa Nyumba: Phunziro la Kusula Zitsulo kwa Oyamba Kumene

Pa msika uliwonse waukulu m'dziko muno, mukapitirira ogulitsa tomato ndi a kaunjika n'kuloza chakumapeto, mumayamba kumva kulira kwa nyundo. Mukayandikira mupeza bambo atakhala pa chitsa, mnyamata akupukusa gudumu la njinga kuti mphepo ilowe m'makala, ndipo pambali pawo ayala makasu, nkhwangwa ndi nsompho. Ambiri a ife timagula chomwe tatumidwa, kunenerera mtengo, n'kumapita, osafunsa kuti sipuling'i yakutha ya lole yasanduka bwanji chida chogwetsa mtengo.

Phunziro la mwezi uno likuyankha funso limeneli. Tiona zida zofunika poyamba kusula pakhomo, momwe chitsulo chimasinthira pa moto, njira zisanu zomwe ntchito yonse yagonapo, ndi zoopsa zomwe munthu ayenera kuzidziwa asanakoleze moto. Tchuthi chikubwerachi ndi chokwanira kuti wophunzira amange chipala chaching'ono ndi kusula chida chake choyamba. Koma chitsulo chamoto sichidziwa kuti uyu ndi wophunzira, choncho werengani mpaka kumapeto musanayambe.

Luso lomwe tinalipeza

Kusula si kwachilendo kuno. Zomwe akatswiri anafukula ku Nkope, m'boma la Mangochi, zikuonetsa kuti anthu a m'mbali mwa nyanja ankagwiritsa ntchito chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. David Livingstone atayenda m'dera la mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akusungunula miyala ya chitsulo ndi kusula makasu, mikondo ndi mipeni. Mpaka lero ng'anjo zakale zadothi zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu.

Makolo athuwa ankagwira ntchito ziwiri. Yoyamba inali kutulutsa chitsulo m'miyala pogwiritsa ntchito ng'anjo. Yachiwiri inali kusula chitsulocho pachipala. Ntchito yoyambayo inazilala m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, makasu a kufakitale ndi zitsulo zakutha zitayamba kupezeka mosavuta. Yachiwiri ndi yomwe yatsala, ndipo ndi yomwe tikuphunzira pano.

Chitsulo n'chosiyanasiyana

Mawu oti chitsulo timawagwiritsa ntchito pa zinthu zambiri, koma wosula amazisiyanitsa. Chosiyanitsa chachikulu ndi kuchuluka kwa kaboni.

Chitsulo chofewa chimakhala ndi kaboni wosapitirira 0.3 peresenti. Ndi chomwe owotcherera amapangira mawindo ndi mageti. Chimamvera nyundo, sichichedwa kupindika, ndipo ndi choyenera kuphunzirirapo. Vuto lake ndi loti sichilimba ngakhale muchiviike m'madzi chili chamoto. Mpeni wa chitsulo chotere umabuntha tsiku lomwelo.

Chitsulo cholimba chimakhala ndi kaboni woyambira 0.5 mpaka kupitirira pang'ono 1 peresenti. Masipuling'i a galimoto ali ndi pafupifupi 0.6 peresenti, ndipo tupa wakutha ali ndi pafupifupi 1 peresenti. N'chifukwa chake osula a pamsika amasaka masipuling'i akafuna kupanga nkhwangwa.

Palinso cast iron, yomwe amapangira mainjini ndi simbi zina za makala. Ili ndi kaboni woyambira 2 mpaka 4 peresenti, ndipo siisulika. Mukaimenya ili yamoto imangophwanyika ngati phale.

Kuti mudziwe mtundu wa chitsulo chomwe mwatola, chikhudzitseni pa grinder. Chofewa chimatulutsa nthethe zazitali zowongoka. Cholimba chimatulutsa nthethe zambiri zophulika ngati tinyenyezi. Ngati mulibe grinder, tenthetsani kachidutswa mpaka kufiira, kaviikeni m'madzi, ndipo mukapale ndi tupa. Tupa akamaterera osadya, chitsulocho ndi cholimba.

Zida zinayi zoyambira

Chida choyamba ndi chipala, pomwe pamakhala moto. Chosavuta kupanga ndi cha pansi. Kumbani kadzenje kotalika masentimita 30, kuya kwake masentimita 15. Kamateni ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga ndi phulusa. Chakumbali lowetsani paipi yachitsulo yakuda, yotakata masentimita 3, kuti kamwa lake lifike masentimita angapo pamwamba pa tsinde la dzenje, ndipo mulikute ndi dothi kuti lisapse. Lolani dothi liume masiku angapo. Musagwiritse ntchito konkireti kapena miyala ya kumtsinje, chifukwa madzi obisala m'kati mwake akatentha, mwala umaphulika. Ngati simufuna kugwira ntchito chonjuta, umbani chimodzimodzi m'bokosi lachitsulo loikidwa pa tebulo la njerwa.

Chida chachiwiri ndi chopemerera moto. Makala ongoyaka okha safika pa kutentha komwe tikufuna. Makolo ankagwiritsa ntchito mivukuto ya zikopa za mbuzi, ndipo imagwirabe ntchito bwino. Osula a masiku ano amalumikiza kafani ku gudumu la njinga ndi lamba. Komwe kuli magetsi, chowumitsira tsitsi chakale chimakwana, bola muchiike patali ndi moto. Makala safuna mphepo yamkuntho. Mphepo ikachuluka imangomwaza nthethe ndi kutha makala.

Chida chachitatu ndi chosulirapo. Cha kusitolo ndi chodula, ndipo oyamba kumene sachifunikira. Mutu wa hamala yaikulu yophwanyira miyala, wa makilogalamu 5 kapena kuposa, ukazikidwa m'chipika umagwira ntchito. Chidutswa cha akiselo ya lole choimika chilili ndi chabwinonso. Chofunika ndi kulemera komwe kuli pansi penipeni pa nyundo, osati kutakata kwa pamwamba. Kutalika kwake kuyeseni chonchi: imani mowongoka, manja ali pansi, fumbatani chibakera, ndipo pamwamba pa chosulirapo pafike pa mfundo za zala zanu. Mudzamva ena akunena kuti chidutswa cha njanji ndi chabwino. Ndi zoona, koma njanji ili ndi eni ake, ndipo kuidula ndi kuba komwe kungaphetse anthu a m'sitima. Musagule chitsulo chomwe wogulitsa akulephera kunena komwe wachitenga.

Chida chachinayi ndi nyundo. Yolemera magalamu 800 mpaka kilogalamu 1 ndi yokwanira. Anyamata ambiri amathamangira yolemera kwambiri, ndipo mkono umatopa mphindi 10 zisanathe, kenako amayamba kuphonya. Salazani m'mphepete mwa nkhope ya nyundo kuti isamasiye zipsera pa chitsulo, ndipo onetsetsani kuti mpini ndi wothina.

Kuwonjezera pa zinayizi mufunika mbaniro zogwirira chitsulo chamoto, ndowa ya madzi, tupa, ndi burashi ya waya. Poyamba mutha kupewa mbaniro pogwiritsa ntchito chitsulo chotalika masentimita 60 kapena kuposa, chifukwa mbali yogwira imakhalabe yozizira kwa nthawi ndithu.

Nkhani ya makala

Makala a mitengo ndi abwino kwambiri posula chifukwa amayaka mopanda zinyalala. Aphwanyeni akhale tizidutswa ta masentimita 2 kapena 3. Komabe tonse tikuona momwe mapiri athu ayerera. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo, ndipo linakhwimitsidwanso mu 2020. Wosula wanzeru amagula makala kwa omwe ali ndi chilolezo, kapena amapanga ake kuchokera ku nthambi za mitengo yomwe anadzala, nsungwi, zitsononkho za chimanga, ndi zidutswa za matabwa osapaka mankhwala. Malasha a pansi, monga okumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi, amasulanso, koma ali ndi utsi wambiri ndipo amafuna mphepo yamphamvu. Chipala chaching'ono, chothimitsidwa ntchito ikangotha, chimadya makala ochepa.

Kuwerenga mtundu wa moto

Wosula alibe choyezera kutentha koma maso ake. Chitsulo chimayamba kufiira mwakuda pa madigiri pafupifupi 600 mpaka 700. Pa 800 chimafiira bwinobwino. Pa 950 mpaka 1,000 chimaoneka ngati lalanje lakupsa, ndipo pa 1,100 chimakhala chachikasu. Chikafika poyera n'kuyamba kuthetheka, pafupi ndi 1,300, ndiye kuti chikupsa, ndipo malo opsawo atayika.

Chitsulo chofewa chisuleni chili pakati pa lalanje ndi chikasu. Cholimba musachipitirize pa lalanje. Kufiira kukayamba kuzilala, lekani kumenya ndipo bwezerani pa moto. Kumenya chitsulo chozizira kumangotopetsa mkono ndi kuchititsa ming'alu. Chipala chikhale pa mthunzi, chifukwa padzuwa mitunduyi siioneka bwino, ndipo mutha kupsereza chitsulo mukuganiza kuti sichinatenthe.

Poika chitsulo pa moto, chigonekeni chopingasa, pansi pake pakhale makala okuya masentimita 10 ndipo pamwamba pake makala enanso. Mukachilowetsa pafupi ndi kamwa la paipi, mphepo imachidya ndipo chimasenda makoko akuda ambiri.

Njira zisanu

Kutalikitsa. Mumamenya chitsulo kuti chiwonde n'kutalika. Menyani mbali imodzi, tembenuzani pang'ono kuti mbali ya m'mphepete ibwere pamwamba, menyaninso, kuti chikhale cha ngodya zinayi. Ngati mukufuna chobulungira, menyani ngodyazo zikhale 8, kenako 16. Mukayesa kutalikitsa chitsulo chobulungira mongochizunguza, m'kati mwake mumang'ambika.

Kunenepetsa. Apa mukufuna kuti malo ena afupike n'kunenepa, monga mutu wa msomali. Tenthetsani malo okhawo, imikani chitsulo pa chosulirapo, ndipo menyani kumutu. Chikayamba kukhota, chiwongoleni musanapitirize.

Kupinda. Tulutsani chitsulo kupitirira m'mphepete mwa chosulirapo ndipo menyani mbali yolendewerayo. Chimapindika pomwe patentha kwambiri, choncho malo omwe simukufuna kuti apindike aziziritseni ndi timadzi, ngati chitsulocho ndi chofewa.

Kudula. Ikani tchizulo pa chitsulo chamoto, menyani mpaka patsale pang'ono, kenako thyolani ndi mbaniro. Musadule mpaka kutsiriza, chifukwa kachidutswa kamoto kamauluka, ndipo tchizulo chimawononga chosulirapo.

Kuboola. Khomani chiboolero mpaka pafupi kutulukira, tembenuzani, ndipo mudzaona kadontho kakuda pomwe pazizira. Khomani pamenepo, pamwamba pa bowo, ndipo kachitsulo kadzagwa. Muziviika chiboolero m'madzi mukamenya katatu kapena kanayi kuti chisafewe. Umu ndi momwe amaboolera diso la nyundo.

Ntchito yoyamba: ngowe yokolekera zinthu

Musayambe ndi mpeni. Yambani ndi ngowe yokolekera ndowa kapena chikwama. Tengani chitsulo chofewa chobulungira, chonenepa mamilimita 8 kapena 10.

Choyamba, tenthetsani nsonga ndi kuitalikitsa mpaka isongoke pa utali wa masentimita 5. Chachiwiri, pindani kansonga kenikeniko kakhale kamphete kakang'ono kuti kasamabaye anthu. Chachitatu, tenthetsani masentimita 10 otsatira, viikani kamphete kaja m'madzi kuti kasaphwanyike, ndipo pindani chitsulo mozungulira paipi kuti ngowe ioneke. Chachinayi, dulani pa utali womwe mukufuna, phwatalitsani mapeto ake, ndi kuboola bowo la msomali. Pomaliza palani ndi burashi ya waya, ndipo chikadali chofunda pakani phula la njuchi kapena mafuta ophikira kuti chisachite dzimbiri.

Ngowe yoyamba idzakhala yokhota. Musaitaye. Sulani 10, muziike pa mzere, ndipo mudzaona nokha momwe dzanja likuphunzirira. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kulimbitsa chitsulo

Ngowe zikayamba kufanana, sulani tchizulo kuchokera ku sipuling'i yopiringizika ya galimoto. Apa ndi pomwe pagona chinsinsi cha ntchitoyi, ndipo pali masitepe anayi.

Loyamba ndi kupumitsa chitsulo. Mukamaliza kusula, chitenthetseni mpaka kufiira ndipo chisiyeni chizizire chokha pa mphepo. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu. Kutentha kwambiri ndi kumenya kumasiya m'kati mwa chitsulo muli mokakala, ndipo kupumitsaku kumakonza zimenezo.

Lachiwiri ndi kufewetsa. Chitenthetseninso ndi kuchikwirira m'phulusa louma usiku wonse. M'mawa chidzakhala chofewa moti tupa adya mosavuta, ndipo mutha kukonza maonekedwe ake. Musanole mpaka kuthwa, siyani kukamwa kuli kokhuthala ngati milimita 1, kuopa kung'aluka.

Lachitatu ndi kuviika. Pa madigiri 770 chitsulo chimaleka kukokedwa ndi maginito. Mangirirani maginito a sipika yakutha ku waya, ndipo muziyesa. Akaleka kugwira, onjezerani moto pang'ono chabe, kenako viikani msanga m'mafuta ophikira ofunda, nsonga ili kutsogolo, mukuyendetsa chokweza ndi chotsitsa. Madzi amaziziritsa mofulumira kwambiri ndipo kawirikawiri amang'amba sipuling'i ndi tupa. Oilo wakutha wa galimoto mupeweni chifukwa utsi wake ndi woipa. Mukatulutsa, tupa ayenera kuterera.

Lachinayi ndi kubweza. Chitsulo choviikidwa ndi cholimba koma chosachedwa kuthyoka ngati galasi, ndipo chikagwa pansi chitha kusweka. Musachisiye chotero mpaka mawa. Palani mbali imodzi iwale, ndipo tenthetsani pang'onopang'ono kuchokera ku mbali yakutali ndi nsonga. Mudzaona mitundu ikuyenda kulowera kunsonga: woyamba wonga udzu wouma pa madigiri pafupifupi 230, kenako wofiirira pa 255, wapepo pa 280, ndi wabuluu pa 300. Mpeni umafuna wa udzu wouma. Tchizulo chodulira zitsulo chimafuna pakati pa wofiirira ndi wapepo. Mtundu womwe mukufuna ukangofika kunsonga, viikani kuti kutentha kuime. Mukachedwa mpaka buluu kudutsa, chidacho chafewa ndipo muyenera kuyambiranso pa sitepe lachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zomwe zingakuvulazeni

Chitsulo chakuda chitha kukhala chotentha madigiri 400 koma chikuoneka ngati chozizira. Ambiri amapsa ndi chimenechi, osati chofiira. Chilichonse chomwe chili pafupi ndi chipala chitengeni ngati chamoto mpaka mutayandikiza kuseri kwa dzanja. Zitsulo zotentha zikhale ndi malo amodzi odziwika, ndipo ana asafikepo.

Musaike pa moto chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga malata, mapaipi a madzi otuwa ndi waya wa mpanda. Zinki ikapsa imatulutsa utsi woyera womwe umadwalitsa: patapita maola angapo munthu amamva kuzizidwa, kuphwanya m'thupi ndi kubanika, ngati malungo. Pewaninso zitsulo zonyezimira zokutidwa ndi chrome ndi zopaka penti.

Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka, sununkha, koma umapha. Ndi womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba m'mwezi wa Juni. Chipala chikhale panja kapena m'chisakasa chopanda makoma, kutali ndi denga la udzu ndi nkhokwe. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, chokanipo msanga.

Musatenthetse chinthu chotsekeka: shokabu ya galimoto, silinda ya gasi, mgolo womwe munali petulo, kapena paipi yotseka mbali zonse. Zimaphulika. Chitsulo chomwe simukuchidziwa kuti chinali chiyani, chisiyeni.

Valani magalasi otchinga maso nthawi zonse, zotseka m'makutu, nsapato zachikopa zotseka, ndi zovala za thonje. Nayiloni ndi jezi ya mpira zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Musamenyanitse nyundo ziwiri, chifukwa kachidutswa kothethekako kamathamanga ngati chipolopolo. Mutu wa tchizulo ukaphwatalala ngati bowa, upaleni.

Mafuta oviikira akhale m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro. Akayaka, vundikirani. Musathire madzi. Munthu akapsa, thirani madzi oyera ozizira pa balapo kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Bala lalikulu, kapena la kumaso ndi m'manja, pitani nalo kuchipatala.

Pitani mukaone

Zolembedwa zili ndi malire ake. Kulira kwa nyundo pa chitsulo chomwe chazizira, kapena kuchuluka kwa mphepo yoyenera, munthu amakudziwa ataima pafupi ndi wodziwa. Pitani kwa osula a kwanu, perekani moni mwaulemu, pemphani kupukusa gudumu tsiku limodzi, ndipo musapite chimanjamanja. Ambiri a iwo ndi achikulire, ndipo achinyamata owafunsa ndi ochepa. Kumbukiraninso anansi: nyundo imamveka patali, choncho gwirizanani nawo za nthawi.

Akuluakulu anati nkhwangwa siithwera pachipala. Chida chikachoka pa moto chimafunabe tupa, mwala wonolera, ndi mpini, ndipo ubwino wake umadziwika chikafika pa mtengo. Tchizulo chanu choyamba mukachiyese pa msomali. Kukamwa kukaphwatalala, ndiye kuti munabweza mopitirira. Kukabenthuka, simunabweze mokwanira. Msomali ukaduka tchizulo chili bwinobwino, lembani m'kope mtundu womwe munaimira, kuti mudzaupezenso.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani mpeni wosulidwa ku chitsulo cha mawindo sukhalitsa kuthwa, ngakhale uviikidwe m'madzi?

2. Fotokozani kusiyana kwa kuviika ndi kubweza. Chingachitike n'chiyani mutasiya sitepe lachinayi?

3. Mnzanu wabweretsa paipi ya madzi yotuwa kuti mupangire chipala. Mumuuza chiyani?

4. Kwanuko, ndi zinthu ziti zomwe mungapangire makala popanda kudula mitengo yachilengedwe?

5. Pezani wosula mmodzi wa m'dera lanu. Mufunseni kuti anaphunzira kwa yani, amagwiritsa ntchito zitsulo zanji, ndipo amadziwa bwanji kuti nkhwangwa yalimba. Yerekezani mayankho ake ndi zomwe mwawerenga pano.